Kugula nyumba yakale ku Zomba kapena ku Blantyre: kukonza zonse, kukonza pang'onopang'ono, kapena kugumula?

Nyumba zakale za ku Zomba, za ku Sunnyside, Mandala ndi Nyambadwe mu Blantyre, ngakhalenso za ku Area 3 ku Lilongwe, zili ndi zinthu zovuta kuzipeza masiku ano: puloti yaikulu, khonde lotambasuka, zipupa zochindikala ndi siling'i yam'mwamba imene imachititsa kuti m'nyumba muzizizira bwino ngakhale mu Okutobala. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, n'chifukwa chake kuli nyumba zambiri zimene anamangira akuluakulu a boma, zina zokhala ndi pootha moto pabalaza chifukwa cha kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye. Zambiri mwa nyumbazi zadutsa m'manja mwa anthu a lendi kwa zaka makumi angapo, aliyense akumata pamene pamusowetsa mtendere n'kusiya zina zonse.

Wogula nyumba yotere ali ndi njira zinayi: kugula imene mwini wake waikonza kale, kugula yowonongeka n'kuikonza yonse musanalowemo, kulowamo n'kumakonza pang'onopang'ono, kapena kuigumula n'kumanga ina pa puloti yomweyo. Chimene chiyenera kukusankhirani njira si kukongola kwa khitchini. Ndi mapepala, maziko, denga, ndiponso kumene madzi a mvula akhala akupita zaka zonsezi.

Mapepala kaye, musanaitane mmisiri

Loya wanu, osati wa wogulitsa, akafufuze ku ofesi ya za malo ngati dzina lili pa chikalata cha umwini ndi la munthu amene akukugulitsaniyo, komanso ngati nyumbayo siinaikidwe chikole ku banki. Malo ambiri a m'tauni ndi a lizi ya zaka 99. Pa nyumba yakale zaka zambiri za liziyo zinatha kale, ndiye werengani zotsala, chifukwa banki imayang'ana zimenezo isanakubwerekeni ndalama. Funsaninso za ngongole ya msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, ya lendi ya malo, ya madzi ndi ya ESCOM, ndipo mgwirizano unene poyera kuti alipira ndani.

Nyumba zakale zambiri ndi chuma chamasiye. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi makiyi, koma makiyi si mphamvu yogulitsira. Pemphani kuona kalata ya kukhoti yopereka mphamvu yoyendetsa chuma cha malemuyo, malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011, ndipo musapereke ngakhale ndalama yogwirizira musanaione. Saveya apezenso mabikoni a malire. Mipanda yakale nthawi zambiri inatsata mitengo ya maluwa, osati mapu.

Ngati nyumbayo ndi yakale zedi, ya m'nyengo yoyandikira ya Mandala House ya 1882, funsani ku nthambi ya boma yosunga zinthu zakale ngati ili m'gulu la zotetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Ikakhala yotetezedwa, simungaigumule ngakhale kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo.

Kuyendera nyumba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yabwino yoyendera ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati, chifukwa mu Seputembala nyumba iliyonse imaoneka youma. Tengani tochi, sikuludiraiva, tepi ndi makwerero, ndipo mukwere mu siling'i. Masana, mukazimitsa tochi, kuwala kulikonse kolowera m'malata ndi pamene pamadontha. Bayani mitengo ya denga ndi sikuludiraiva, makamaka pamene yakhalira pa chipupa. Ikalowa mosavuta, chiswe kapena kuola zinafika kale. Timizere ta dothi tokwera chipupa kapena totsata mtengo ndi njira za chiswe, ndipo mukatiswa n'kupeza tonyowa ndiye kuti chiswecho chikadalipo.

Mukapeza kuti mitengoyo ndi ya mkungudza wa ku Mulanje, umene umadziwika ndi fungo lake mukaupala pang'ono, musalole aliyense kuuchotsa popanda chifukwa. Chiswe sichiukonda, ndipo mtengowu unatha pafupifupi wonse m'phirimo, moti simungaupezenso movomerezeka.

Ming'alu iyezeni, musangoiyang'ana. Yosafika mamilimita 5, yongotsata pulasitala, nthawi zambiri ndi yongomata. Ya pakati pa 5 ndi 15 ikufuna injiniya aione. Yoposa 15, makamaka yoyenda ngati masitepe kutsata mizere ya njerwa, yotambasuka kumwamba n'kuchepa kunsi, kapena yoonekera mkati ndi kunja komwe pamalo amodzi, ikusonyeza kuti maziko akusuntha. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukadakulabe, matani kachidutswa ka galasi modutsa mng'aluwo, mulembe tsiku pambali. Galasi likasweka pakapita milungu, chipupa chikadayenda. Zoyambitsa zake zimakhala pafupi: paipi yotayira madzi a m'bafa yosweka pansi, madzi a padenga ogwera pa phazi la chipupa, kapena bulugama ndi jakaranda zobzalidwa mamita ochepa kuchokera pa nyumba. Nyumba ya pamtsetse muyang'anenso kumtunda kwake kumene madzi amachokera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa zimene madzi otsika m'phiri angachite ku Blantyre.

Njira yoyamba: yokonzedwa kale

Iyi imaoneka yosavuta, koma ndi imene ife timaikayikira kwambiri. Mumalipira mtengo wa nyumba yabwino, pamene zimene zinakonzedwa ndi zooneka ndi maso zokha: penti, matailosi, siling'i yatsopano, ma switch oyera. Kuseri kwake kungakhale mawaya akale okutidwa ndi labala kapena nsalu, ndi mapaipi achitsulo odzaza dzimbiri. Penti yonyezimira yopakidwa kuyambira pansi kufika mita imodzi ndi chizindikiro chodziwika chobisira chinyontho, chimodzimodzinso matailosi omatidwa kunja m'munsi mwa chipupa.

Njirayi ndi yabwino pokhapokha wogulitsa atakuonetsani malisiti, chikalata cha amene anaika mawaya ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ngati anawonjezera chipinda. Muuzeni wamagetsi wanu amasule ma socket awiri kapena atatu amene mwasankha nokha, ndipo mutsegule mipopi yonse nthawi imodzi. Madzi akachepa mphamvu kapena akatuluka ofiirira poyamba, mapaipi ndi akale. Wogulitsa akakana kuti mukwere mu siling'i, mtengo wake muuwerenge ngati wa nyumba yosakonzedwa.

Njira yachiwiri ndi yachitatu: zonse pakamodzi kapena pang'onopang'ono

Kukonza zonse musanalowe n'kotsika mtengo mukaphatikiza zonse pamapeto, chifukwa chipupa chimasemedwa kamodzi, mawaya ndi mapaipi n'kulowa, pulasitala n'kubwerera kamodzi. Zipangizo mumagulanso pa mtengo wa lero. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi mawaya zinakwera mtengo, ndipo amene anali pakati pa ntchito anapeza bajeti yawo itaperewera. Vuto la njirayi ndi loti imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, kwinaku mukulipira lendi kumene mukukhala, komanso mlonda, poti nyumba yopanda anthu mawaya ndi mipopi sizichedwa kusowa.

Kukonza pang'onopang'ono ndi kumene mabanja ambiri angakwanitse, ndipo kuli ndi ubwino umodzi weniweni: mukakhalamo dzinja limodzi mumaidziwa nyumbayo, chipinda chimene chimanyowa, kumene mphepo ya chiperoni imawombera, khomo limene simuligwiritsa ntchito n'komwe. Anthu ambiri amene anafuna kugwetsa chipupa tsiku loyamba amasintha maganizo akakhalamo chaka.

Koma njirayi imawononga ndalama ikayambira kumapeto. Munthu amayamba ndi matailosi ndi makabati a kukhitchini chifukwa ndi zimene alendo amaona, kenako chaka chamawa pulambala n'kudzaswa matailosiwo pofuna paipi yodontha. Dongosolo losabweza ntchito m'mbuyo ndi ili: denga, madzi a kunja, maziko ndi ming'alu, chiswe, mawaya, mapaipi, pulasitala, siling'i, pansi, penti pomalizira.

Maganizo athu ndi oti muphatikize ziwirizi. Denga, mawaya ndi mapaipi zikonzedwe nyumba ili yopanda anthu, pakati pa Meyi ndi Okutobala, chifukwa ntchito zimenezi ndi zafumbi ndiponso zoopsa kwa ana. Zotsalazo zingadikire malipiro a mwezi ndi mwezi. Pa bajeti iliyonse onjezerani 15 mpaka 20 peresenti ya zosayembekezereka, poti nyumba yakale imaulula zambiri pulasitala akachoka.

Denga: kusunga, kusintha malata, kapena matailosi

Malata akale ambiri ndi ochindikala kuposa otsika mtengo a masiku ano. Ngati dzimbiri lili pamwamba pokha, akwecheni ndi bulashi yawaya, pakani penti yoletsa dzimbiri kenako ya denga kawiri, ndipo misomali yakale muisinthe ndi masikuluwu okhala ndi labala. Akabooka m'malo olumikizirana, asintheni. Gulani a geji 28. A geji 30 ndi 32 ndi opyapyala, amapindika mmisiri akapondapo. Polumikiza, m'mbali apitirirane ndi mzere umodzi ndi theka, kumapeto ndi mamilimita 150 mpaka 200, ndipo sikuluwu ilowe pamsana pa mzere, osati m'chigwa mmene mumayenda madzi.

Matailosi a simenti amakongola ndipo sasokosa mvula ikamagwa, koma amalemera makilogalamu pafupifupi 45 pa sikweya mita, pamene malata amalemera pafupifupi 5. Mitengo imene inakonzedwera malata imakhala motalikirana, mwina mita ndi masentimita 20, pamene ya matailosi imafuna kuyandikana, pafupifupi masentimita 75. Kuika matailosi pa mitengo yakale kumawetetsa denga ndi kukankhira zipupa kunja, makamaka poti nyumba zambiri zakale zilibe ring beam, lamba wa konkire womanga pamodzi zipupa kumwamba kwake. Ngati nyumbayo inali ya malata, ibwezereni malata. Mitengo yatsopano ikhale yothiridwa mankhwala kufakitale, ija yooneka mobiriwira. Kupaka oyilo wakuda wa galimoto pa paini wamuwisi kumangodetsa kunja, mkati chiswe n'kumadya.

Denga la asbestos ndi nkhani ina. Likakhala losasweka, kulisiya osaligwira n'kotetezeka kuposa kulichotsa mosasamala. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Musalicheke, musaliboole, musalikweche. Pochotsa, linyowetseni, masulani mabauti, tsitsani pepala lililonse lathunthu, ogwira ntchito avale zophimba kukamwa za FFP3, mapepalawo akulungidwe m'pulasitiki yochindikala, ndipo mufunse khonsolo kokatayira. Musapatse munthu zidutswa zake kuti akafolere khola. Penti yakale ya pa zitseko ndi mawindo imathanso kukhala ndi mtovu, choncho ipaleni monyowetsa, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali.

Zipupa: laimu kapena simenti

Apa ndi pamene nyumba zakale zambiri zimawonongedwa ndi anthu ofuna kuzithandiza. Njerwa zake ndi zofewa, ndipo zambiri zinamangidwa ndi dothi kapena laimu. Chipupa chotere chimamwa chinyontho pang'ono n'kuchitulutsanso nyengo ikauma. Mukachimata pulasitala wolimba wa simenti, monga muyeso umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga, n'kupakanso penti ya mafuta, chinyonthocho chimasowa potulukira. Chimakwera m'mwamba, mchere woyera n'kuyamba kutuluka, penti n'kufufuma, njerwa n'kumafumbutuka kuseri kwa pulasitala. Mukagogoda ndi chala mumamva kulira kwa mphako.

Musanagule mankhwala aliwonse a chinyontho, zungulirani nyumba kunja. Nthawi zambiri dothi la maluwa lakwera m'kupita kwa zaka mpaka kufanana ndi pansi pa m'nyumba. Likumbeni kuti litsike ndi masentimita osachepera 15 kuchokera pa DPC (chotchinga chinyontho chimene amayala m'munsi mwa chipupa pomanga), kapena kuchokera pansi pa m'nyumba ngati DPC palibe. Konzani ma gutter, madzi ake muwatsogolere ku ngalande, ndipo muwake kakhonde ka masentimita 60 mpaka mita imodzi kuzungulira nyumba, kotsetserekera kunja. Kenako chotsani pulasitala wowonongekayo kufika masentimita 30 pamwamba pa pomwe chinyontho chalekezera, n'kusiya chipupa chiume chilimwe chonse. Chipupa cha masentimita 23 sichiuma pa milungu iwiri.

Pomata, njira zilipo ziwiri. Laimu yekha, muyeso umodzi pa itatu ya mchenga, ndi woyenera chipupa chomangidwa ndi dothi, koma amauma mochedwa, amafuna kumatidwa mosapitirira sentimita imodzi pa ulendo uliwonse, ndipo amisiri odziwa kumugwiritsa ntchito achepa. Njira yapakati ndi kusakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya laimu ndi 9 ya mchenga, kapena umodzi, umodzi ndi 6 pa chipupa cha kunja cholandira mvula. Laimu wake akhale womangira, osati uja wothira m'munda. Pamwamba pake pakani njereza kapena penti ya madzi patatha milungu inayi. Mmisiri akanena kuti simenti yambiri ndiyo kulimba, mufotokozereni kuti pulasitala sayenera kulimba kuposa njerwa imene waikuta.

Kugwetsa chipupa cha mkati kuti khitchini ilumikizane ndi balaza n'kotheka, koma m'nyumba zakale zipupa zamkati nthawi zambiri zimanyamula denga ndi kugwiriziza zakunja. Injiniya aone kaye, ajambule mtanda wolowa m'malo mwake, ndipo khonsolo ivomereze.

Mawaya, mapaipi ndi zimbudzi

Pa magetsi palibe zambiri zoyerekeza. Mukapeza bokosi la ma fuse a waya, mawaya a labala kapena ma socket opanda earth, ikani zonse zatsopano, musalumikize zatsopano ku zakale. Magetsi owunikira amafuna waya wa 1.5 mm², ma socket 2.5 mm², chitofu 6 mm², ndipo pa bolodi pakhale chozimitsa magetsi munthu akagwidwa nyesi, cha 30 mA. Ntchitoyi agwire munthu wa laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngati mukuganiza za sola kapena inverter mtsogolo, muuzeni tsopano kuti apatule mawaya a mababu ndi firiji.

Mapaipi achitsulo amadzaza dzimbiri mkati mpaka bowo kutsala laling'ono ngati pensulo, ndiye kusintha chidutswa chimodzi kumangosamutsira kudontha patsogolo. Sinthani mzere wonse kuchokera pa mita. Mapaipi a zonyansa akale ndi adothi, ndipo mizu imalowa molumikizira mwake. Tsegulani ma manhole, wina athire ndowa ya madzi m'chimbudzi, muone ngati akudutsa mwachangu. Atsopano a mamilimita 110 atsetsereke ndi sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse. Septic tank yakale nthawi zambiri imangofuna kupopa ndi kumata, chimene chimafa ndi soakaway, dzenje limene madzi ake amalowerera pansi, ndipo yatsopano ikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo.

Zina musafulumire kutaya. Pansi pa simenti yofiira yopolisha, pansi pa timatabwa, zitseko za mlombwa ndi mafelemu achitsulo a mawindo zimakonzeka pa mtengo wochepa kuposa zatsopano, ndipo ndi zimene zimaipatsa nyumbayo ulemerero wake.

Njira yachinayi: kugumula

Kugumula n'koyenera pamene maziko akusuntha mbali zingapo, zipupa zapendekeka moti chingwe cha mmisiri chikusonyeza kusiyana kwa masentimita angapo pakati pa kumwamba ndi kunsi, ndipo denga nalo latha. Zitatuzi zikakumana, ndalama yokonzera imayandikira ya nyumba yatsopano, koma n'kukhalabe ndi maziko okayikitsa. Zikatero gulani pa mtengo wa puloti, muchotsepo ndalama yogumulira ndi yotaya zinyalala. Njerwa zomangidwa ndi dothi kapena laimu zimayeretseka mosavuta ndipo zimagwiranso ntchito pa mpanda, ndiye gumulani ndi manja kuyambira pamwamba. Chilolezo cha khonsolo chikufunika pa kugumula ndi pa kumanga komwe, ndipo muonenso zimene lizi ikunena ngati mukufuna kumangapo nyumba zingapo za lendi.

Ngati vuto ndi limodzi lokha mwa atatuwo, kugumula n'kutaya chuma. Ngodya imodzi yotitimira imakonzeka pokumba pansi pa maziko m'zigawo za mita imodzi, modumphadumpha, n'kuthira konkire chigawo chilichonse chisanakumbidwe choyandikana nacho, injiniya akuyang'anira.

Kontrakitala kapena amisiri olemba nokha

Kontrakitala wolembetsedwa amadula, koma amasenza udindo wa ntchito yonse, ndipo ndiye woyenera pa denga, maziko ndi kugwetsa zipupa, makamaka ngati muli ku Johannesburg kapena ku Manchester n'kumangotumiza ndalama. Kulemba amisiri nokha n'kumagula zipangizo kumapulumutsa ndalama pokhapokha pali munthu wodziwa ntchito amene amafika pamalopo tsiku ndi tsiku, kuwerenga matumba a simenti ndi kuona kasakanizidwe. Wachibale wokhulupirika koma wosadziwa zomanga angasunge makiyi a sitolo, koma sangadziwe ngati malata abwerawo ndi a geji 28.

Mulimonsemo, lembani mgwirizano wotchula ntchito iliyonse ndi muyeso wake, lipirani gawo likatha ndipo mwaliona, osati lisanayambe, ndipo ntchito yowonjezera ilembedwe ndi mtengo wake isanagwiridwe. Sungani 5 mpaka 10 peresenti ya malipiro kufikira denga ndi ngalande zitadutsa m'mvula ya Januwale. Mawaya ndi mapaipi ajambuleni zithunzi tepi ili pambali asanakutidwe ndi pulasitala, kuti wodzakhoma msomali kapena kufuna podontha adzadziwe pamene adutsa.